Chipatala cha mishoni cha kutsidya kwa Shire: mmene chikugwirira ntchito amishonale atatsanzika

Anthu amene ali ndi makolo m'midzi ya kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'mbali mwa dambo lalikulu la Elephant Marsh, akhala akufunsa ngati chipatala chaching'ono cha mishoni cha kwathu kuno chikadali chodalirika tsopano pamene banja la amishonale limene linachiyambitsa linabwerera kwawo. Ofunsa kwambiri ndi ana a kuno amene ali pa ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, omwe amatumiza ndalama za mankhwala pa foni mwezi ndi mwezi koma alibe mpata wodzaona okha thandizo limene makolo awo akulandira. Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale ya m'dera lomweli, ndipo mayi anga, mkazi wanga ndi ana anga onse amapita ku chipatala chimenechi, kotero zimene ndikulemba ndi zimene ndaona ndi maso komanso zimene ndalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga. Dzina la chipatalachi ndalisunga, popeza a kuno akuchidziwa kale, ndipo zina zimene ndidandaule zikukhudza anthu amene akugwira ntchito molimbika ndi zipangizo zochepa.

Pa matenda a tsiku ndi tsiku, monga malungo, kutsegula m'mimba, likodzo, sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, ndiponso kubereka kopanda zovuta, chipatalachi chikadali chabwino kuposa mmene ambiri a ife tinkaopera. Koma pa matenda ofuna kuthamangira ku chipatala chachikulu, ndi pa mankhwala amene munthu amamwa moyo wake wonse, chabwerera m'mbuyo, ndipo ndikukhulupirira kuti zonse ziwirizi, ubwino ndi kufookako, zinachokera m'mmene kutsanzikana kunakonzedwera.

Kwa amene salidziwa derali, msewu wochokera ku Thabwa umatsata m'munsi mwa mapiri a Thyolo kulowera ku Muona ndi ku Makhanga, ndipo mitsinje yotsika m'mapiriwo imauduladula nthawi ya dzinja. Chipatalachi sichili pa msewu umenewu. Munthu amapatuka n'kukwera kabaza kapena njinga yamoto kulowera kudambo, ndipo midzi ina imene imadalira chipatalachi ili pa zilumba zimene munthu safikako popanda bwato. Anthu ake ndi Amang'anja ndi Asena, alimi a mapira, mchewere, thonje ndi mbatata za kudimba, komanso asodzi a milamba ndi makakana, anthu amene ndalama amaiona pa nthawi yokolola ndi yogulitsa nsomba basi.

Amishonalewo anali mwamuna ndi mkazi wake. Amayiwo anali namwino komanso mzamba, pamene abambowo, kuwonjezera pa kuphunzitsa Baibulo, ankayang'anira zomangamanga, galimoto, boti la injini ndi mabuku a ndalama. Anakhala pakati pathu nthawi yaitali moti ena mwa ana amene amayiwo anawalandira pobadwa ali ndi ana awoawo lero. Chinthu choyamba chimene ndikuwayamikira n'chakuti sanachoke mobisa kapena mwadzidzidzi. Nkhani yakuti akukalamba ndipo mpingo wakwawo sutumizanso ena m'malo mwawo anaiulula kukadali zaka ziwiri, anaitana a gulupu, anyakwawa, akuluakulu a mipingo yonse ya m'derali ndi komiti ya chipatala, ndipo analola kuti anthu awafunse mafunso owawa. Ndinakhalapo pa msonkhano wina pamene agogo ena a ku chilumba anaimirira n'kufunsa kuti, "Amayi, inu mukapita, mwana akadwala usiku tidzagogoda pa chitseko cha yani?" Amayiwo sanayankhe ndi mawu otonthoza ayi, koma anaitana namwino wa kuno amene anamuphunzitsa okha, namuimika patsogolo, n'kuuza agogowo kuti kuyambira usiku womwewo, iwo asanachoke n'komwe, chitseko chogogoda chikhale cha mwana ameneyu. Ndipo zinachitikadi choncho: chaka chonse chomaliza amayiwo ankatuluka usiku pokhapokha namwinoyo akawaitana.

Tsiku lotsanzikana lenilenilo linachitika m'mwezi wa Ogasiti, kutentha kwa Okutobala kusanafike, pansi pa mitengo ya nimu ya pa bwalo la chipatala. Panali magule a utse ndi valimba, makwaya a mipingo yosiyanasiyana, ndi mphatso zimene anthu osauka amapereka akakonda munthu: mitanga ya mapira, nkhuku, mbuzi, mikeka ya mlaza ndi milamba yowamba. Zodyedwazo amishonale anazisiya ku chidikiro cha amayi oyembekezera, ndipo anatenga mikeka ndi zitenje zokha. Koma chimene chinali cha phindu kwambiri pa mwambowu sichinali gule kapena misozi. Abambowo anatulutsa pepala n'kuwerenga mokweza, m'chinenero chathu, katundu yense wa chipatala: mabedi, firiji ya katemera, mapanelo a sola ndi mabatire ake, makina oyezera magazi, mjigo, galimoto, boti ndi injini yake, mpaka mawilibala ndi makasu. Chilichonse chikatchulidwa, wapampando wa komiti ankavomera kuti wachiona, ndipo pomaliza a gulupu anasaina pamaso pa anthu onse makiyi asanaperekedwe. Aliyense amene anaonapo katundu wa chitukuko akusowa mwakachetechete eni ake atangochoka angamvetse chifukwa chake ndikuima pa mfundo imeneyi. Mpaka lero palibe bedi limene lapezeka m'nyumba ya munthu, chifukwa mudzi wonse unamva kuti mabedi alipo angati.

Chigwa chathu chili ndi mbiri yake ya amishonale ochoka, ndipo siinayambe bwino. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859, amishonale a bungwe la Anglican la UMCA anabwera mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie n'kukhazikika ku Magomero, pamodzi ndi anthu amene anawaombola kwa ogula akapolo. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pa chilumba cha Malo, pamene Ruo amathira mu Shire, kufupi ndi Chiromo. Otsalawo anatsikira ku mudzi wa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa la lero, kumene anakumana ndi njala yoopsa, ndipo Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalira komweko mu 1863. Bishopu William Tozer atafika anasamutsira mishoni ku phiri la Morambala ku Mozambique, kenako ku Zanzibar mu 1864, ndipo nkhani ya amayi ndi ana oomboledwa amene ankadalira mishoniyo inabutsa mkangano waukulu, moti mmodzi mwa amishonalewo, Horace Waller, anasiyana maganizo ndi bishopuyo n'kutenga ena mwa iwo kupita nawo ku Cape Town. Amene anatsala m'chigwa muno n'kukhazikika anali Amakololo amene anabwera ndi Livingstone, omwe maina awo, monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, ndi maina a mafumu mpaka pano. Pambuyo pake kunabwera mishoni zimene zinazika mizu, monga Lulwe ndi Chididi ku Nsanje, komanso ansembe a Katolika a chipani cha Montfort amene ntchito yawo inabala dayosizi ya Chikwawa mu 1965, imene inadzayamba kutsogoleredwa ndi mabishopu a Chimalawi kuyambira pa Felix Mkhori. Ndikutchula zimenezi chifukwa zikuonetsa kuti kuno mishoni imakhala kapena kufa malinga ndi amene wasiyidwa pa mpando komanso zimene wasiyiridwa m'manja, ndipo ndi muyezo umenewu ndikuunika chipatala chathu.

Munthu akafika m'mawa amapeza pakhonde posesedwa, ndowa ya madzi osamba m'manja ili pa khomo, ndipo ntchito imayamba ndi pemphero lalifupi ndi nyimbo imodzi. Palibe amene amakakamizidwa kupemphera nawo, ndipo Asilamu, a mipingo ina, ngakhalenso anthu amene amalemekeza za makolo ndi kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi, amalandiridwa pa mzere womwewo popanda kufunsidwa kumene amapemphera. Mwambo umenewu anausiya ndi amishonale omwewo, ndipo sunasinthe. Mabuku a kuchipatala amasonkhanitsidwa motsata amene wafika poyamba, koma mlangizi wa zaumoyo amayenda pa mzere kuyang'ana ana otentha thupi kwambiri, okomoka kapena obanika, ndipo amenewo amalowa mosadikira. Kuyeza malungo kumachitika pobaya chala, zotsatira zimatuluka munthu akadali pa benchi, ndipo mankhwala a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansidar, sindinawapezepo atatha. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mwana amamwetsedwa mapilitsi oyamba pomwepo namwino akuona, ndipo mayi ake amafunsidwa kuti abwereze okha mmene akamwetsere otsalawo kunyumba. M'dera limene ambiri sadziwa kuwerenga zolembedwa pa kathumba ka mankhwala, kachitidwe kameneka kamapulumutsa ana.

A dokotala amene atsala, omwe ndi mwana wa m'chigwa momwe muno, amalankhula Chisena ndi Chimang'anja mofanana, ndipo sathamangitsa wodwala. Mayi anga amadwala BP ndipo makutu awo sakumvanso bwino. Tsiku lina atawayeza, a dokotalawo anaona kuti magazi akuthamanga kuposa mwezi wapitawo, koma m'malo mongowonjezera mankhwala anakokera mpando pafupi n'kufunsa mokweza kuti, "Agogo, mapilitsi aja mukumwa tsiku lililonse, kapena pokhapokha mutu ukapweteka?" Mayi anavomera kuti ankawadula pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi. A dokotala sanawakalipire, koma anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mankhwalawa muziwasunga ndinu, ndipo muziwapatsa mayiwa m'manja m'mawa uliwonse musanapite kusukulu." Anajambula dzuwa ndi mwezi pa kathumbako kuti mayi adziwe a m'mawa ndi a madzulo. Umunthu wotere sugulidwa ndi ndalama za kunja, ndipo sunakwere ndege pamodzi ndi amishonale. Pa mbali imeneyi ndikunena mosakayika kuti zaka zimene amayi aja anathera pophunzitsa ana a kuno, kuwalipirira sukulu ya unamwino ndi kuwaimirira pambali pamene akugwira ntchito, zabala zipatso zooneka.

Sikelo ya ana ikuyenda pa masiku ake, ndipo firiji ya sola ikusunga katemera bwinobwino, kuphatikizapo katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa m'maboma ena a dziko lino mu 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali momwemo. Ana onyentchera amayezedwa pa mkono ndi kulandira chiponde chikakhalapo.

Ku chipinda chochilira amayi ndi kumene anthu ankaopa kwambiri kuti zinthu zidzasokonekera, popeza kumeneko dzina la amayi a mishoni linali pakamwa pa aliyense. Mkazi wanga anachilira kumeneko mwana wathu wotsiriza amishonale atachoka kale, ndipo sindinaone kusiyana pa ukhondo kapena pa chisamaliro. Magetsi a sola anayaka usiku wonse, azamba awiri ankasinthana, ndipo womudikirira analoledwa kukhala pafupi. Chidikiro, kumene amayi ochokera ku zilumba amadzakhala masiku awo akayandikira, chili ndi denga la malata losadontha, maneti a udzudzu, khitchini ndi mjigo pafupi, ngakhale kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, malatawo amasandutsa chipindacho malo osakhalika masana, ndipo amayi amathera tsiku pansi pa mitengo. Chimene chasintha ndi chakudya. Kale mishoni inkapereka ufa ndi nyemba kwa odikira, koma tsopano aliyense abwere ndi ufa wake, ndiwo zake ndi nkhuni zake, ndipo ndaona amayi ena akuchedwa kubwera ku chidikiro chifukwa choopa kugawa kaufa kochepa ka pakhomo.

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama ikulowera, ndipo apa ndi pamene ndikudandaula ndi amishonale athu, ngakhale ndimawakonda. M'Malawi muno zipatala zambiri za mipingo zili m'bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966, ndipo boma limapereka malipiro a ambiri mwa ogwira ntchito m'zipatala zimenezi. M'madera ena mumakhalanso mgwirizano wakuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa ulere pa chipatala cha mpingo, boma n'kumabweza ndalamazo. Chipatala chathu chinakhala zaka zambiri chikuyendera zopereka za mipingo ya kwawo kwa amishonalewo, ndipo popeza ndalamazo zinkabwera mokhulupirika, za mapepala olowera m'dongosolo la dziko lino zinayambidwa mochedwa, moti pamene iwo ankachoka zinali zisanathe. Mabuku a ndalama nawonso anakhala m'manja mwa abambo a mishoni mpaka miyezi yomaliza. Sindikunena kuti panali chinyengo, chifukwa anali munthu wokhulupirika amene ankasunga lisiti la msomali uliwonse, koma kukhulupirika kwa munthu mmodzi si sukulu ya anthu ena. Namwino anaphunzitsidwa kwa zaka, pamene msungichuma anaphunzitsidwa kwa masabata, ndipo komiti inadziwa mtengo weniweni woyendetsera chipatala pa mwezi pamene eni zopereka anali atamanga kale katundu.

Zotsatira zake zikuonekera pa windo lolandirira mankhwala. Ndalama yolipira pokaonana ndi a dokotala yakwera, ndipo sindikudzudzula komiti pa chimenechi, chifukwa kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo pafupifupi mankhwala onse amachokera kunja. Mankhwala a malungo, katemera, mankhwala a TB ndi ma ARV amapezeka, popeza amenewa amabwera kudzera m'ndondomeko za boma. Koma mankhwala a BP, a shuga, a mphumu ndi a khunyu, amene kale ankabwera m'makatoni ochokera kunja, tsopano amapezeka mwezi uno n'kusowa mwezi wamawa. Munthu amalemberedwa dzina la mankhwala m'buku n'kuuzidwa kuti akagule ku famase, pamene famase yodalirika ili kutali, ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Blantyre kumene, ndipo ndalama ya ulendo imaposa ya mankhwalawo. Chabwino chimene chatsala n'chakuti wodwala kwambiri sabwezedwa chifukwa chosowa ndalama. Pali buku la ngongole limene a nyakwawa a wodwalayo amachitira umboni, ndipo ena amabweza ndi mapira kapena nkhuku akakolola. Buku limeneli ndi lachifundo, koma likunenepa mofulumira kuposa thumba la chipatala, ndipo komiti iyenera kulankhula za ilo poyera lisanamize ntchito yonse.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi mayendedwe. Amene anakhalapo kuno nthawi ya madzi osefukira a mu Januwale 2015, ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti tsidya lino limasanduka chilumba, ndipo kuchokera pamene madzi anadula msewu ndi njanji pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, mu 1997, kuoloka kupita ku boma la Nsanje kwakhala kodalira maboti. M'masiku ovuta amenewo boti la mishoni ndi limene linkatenga amayi oyembekezera, olumidwa ndi njoka ndi ovulazidwa ndi ng'ona, ndipo abambo a mishoni ankaliyendetsa okha, n'kumakonza okha injini ikavuta. Galimoto ndi botilo anazisiyadi, ndipo zinawerengedwa pa pepala lija, koma sanasiye thumba la mafuta, sanasiye njira yopezera zitsulo zosinthira, ndipo mnyamata amene ankawathandiza anaphunzira kuyendetsa osati kukonza. Kunali ngati kusiyira munthu ngolo yabwino popanda ng'ombe zoikoka. Lero injini ya boti ili m'chipinda chosungira katundu, yomasulidwa, ikudikira kachitsulo kamene sikapezeka m'chigwa muno.

Kulemera kwa vutoli ndinakuona usiku wina pamene mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga, anavutika pobereka. Azamba anazindikira msanga kuti mwana wagona mopingasa ndipo pakufunika opaleshoni, analemba kalata yotumizira wodwala, anamuika dilipi, ndipo pa mbali yawo panalibe cholakwa chilichonse. Koma galimoto inalibe mafuta. Mng'ono wanga anathamanga ndi tochi kukadzutsa munthu wogulitsa mafuta a m'zigubu pa msika, ine ndinayenda khomo ndi khomo kwa aphunzitsi anzanga kusonkhetsa ndalama, ndipo mafuta atapezeka galimoto inakana kulira chifukwa batire linali litafooka, moti anyamata a m'mudzi anaikankha mumchenga mpaka inalira. Nthawi yonseyi mzamba anali atagwada pambali pa mlamu wanga, dzanja lina atanyamula botolo la dilipi, akumuuza kuti, "Limbani mtima, achemwali, tikunyamuka posachedwa." Tinafika ku chipatala chachikulu kukucha, anatilandira mwachangu, ndipo mayi ndi mwana ali moyo. Koma imeneyo inali nyengo ya chilimwe, msewu uli wouma. Zikanakhala mu Febuluwale, mitsinje itadzaza ndipo boti lili lomasulidwa m'chipinda, sindikufuna kuganiza zimene ndikanalemba pano.

Ena kuno amanena kuti amishonale akanangokhala mpaka kufera konkuno monga anachitira akale aja amene manda awo ali m'mbali mwa Shire. Ine sindigwirizana nawo. Anthuwa anali atatopa, ali ndi ana ndi zidzukulu kwawo, ndipo anatipatsa zaka zawo za mphamvu. Komanso chipatala chimene chingayende pokhapokha mlendo alipo si chathu ayi. Chimene ndikanakonda n'chakuti zimene anachita ndi chitseko chogogoda usiku akanachitanso ndi buku la ndalama ndi bokosi la masipanala, ndiko kuti, kuzipereka kukadali nthawi n'kuima pambali kuonerera ife tikulakwitsa iwo akadalipo kuti atikonze. Ifenso a kuno tili ndi mbali yathu, pakuti pa misonkhano ya zaka ziwiri ija tinafunsa zambiri za amene adzatibaya jakisoni, koma palibe anafunsa za amene adzagula dizilo. Mishoni zina zimene zikukonzekera kutsanzika m'madera akutali ngati athu zikanachita bwino kuona zimene zachitika kuno, chifukwa anthu a m'mudzi amaona namwino tsiku lililonse koma saona kumene malipiro ake amachokera.

Ndamva kuti amishonalewo amaimbabe foni kwa a dokotala ndi kwa a gulupu, ndiponso kuti mpingo wakwawo unalonjeza kuthandizako kwa kanthawi pa malipiro a ogwira ntchito pamene mapepala akukonzedwa. Zimenezi n'zoyamikika, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe namwino amene wathawira ku tauni mpaka pano, ngakhale kuti nyumba zawo n'zotentha ndipo netiweki ya foni imagwira pa chulu chimodzi chokha kuseri kwa tchalitchi.

Kwa inu amene muli kutali ndipo makolo anu amadalira chipatala chimenechi, malangizo anga ndi awa. Pa malungo, mabala, chifuwa, kutsegula m'mimba ndi sikelo, atumizeni mosakayika, ndipo afike m'mawa dzuwa lisanakwere, atanyamula buku lawo la kuchipatala ndi madzi akumwa. Ngati amamwa mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu, pemphani kuti akujambulireni tsamba la m'bukumo pa foni, mugule mankhwalawo ku tauni okwanira miyezi ingapo n'kuwatumiza ndi munthu wodalirika, koma kukayezetsa mwezi ndi mwezi asasiye, chifukwa a dokotala a pano amatsata wodwala wawo bwino. Mayi woyembekezera wa ku zilumba abwere ku chidikiro msanga, makamaka ngati masiku ake akugwera m'dzinja, ndipo mumutumizire ndalama ya ufa ndi nkhuni kuti asazengereze. Amene anachitidwapo opaleshoni pa mimba yam'mbuyo, kapena amene azamba amuuza ku sikelo kuti mimba yake ili ndi chiopsezo, asadikire pano konse, koma akadikirire pafupi ndi chipatala chachikulu, monga cha Trinity ku Muona, mvula isanadule msewu. Ndipo banja lililonse lisunge padera ndalama ya mafuta a galimoto kwa munthu wa pamudzi amene angadzutsidwe usiku, popeza ndalama ya pa foni sithandiza pa ola limene wothandizira kutapa ndalama wagona ndipo netiweki palibe.

Komiti ya chipatala yaitanitsa msonkhano wa midzi yonse mvula isanayambe, ndipo nkhani zake ndi injini ya boti ndi thumba la mafuta limene khomo lililonse lingamasonkheko pokolola. Ine ndikapitako, ndipo ndikapempha zinthu ziwiri: kuti anyamata awiri atumizidwe kukaphunzira kukonza injini kwa amakaniko a maboti a pa doko, ndiponso kuti ndalama zolowa ndi zotuluka za mwezi uliwonse zizilembedwa pa pepala lomatidwa pa khomo la chipatala, n'kumawerengedwa mokweza tsiku la sikelo kuti osadziwa kuwerenga amve nawo. Ana a kuno amene muli ku tauni ndipo mukufuna kuthandizapo, lankhulani ndi anyakwawa a kwanu mwezi uno, chifukwa kachitsulo ka injini kakuyenera kugulidwa ku Blantyre ndipo pakufunika munthu wokakatenga.